Mpando Umene Ndinakugulirani

Amayi, kaya muli bwanji kumene mulikoko?

Kuno tilipo. Dzinja ladutsa kawiri chikuikireni m'manda, ndipo ino ndi nyengo ija munkaikonda, pamene fodya wachoka m'munda, zigafa zadzaza, ndipo mphepo ya kuno kwa Kaluluma ikungonunkhira masamba ouma. Ndakhala ndikufuna kukulemberani kuyambira chaka chatha, koma ndikagwira cholembera ndimangolemba za mbuzi ndi za mvula, kenako n'kung'amba pepalalo. Lero ndiyambanso ndi zomwezo, poti ndikudziwa kuti simukonda munthu wofika pakhomo n'kuyamba milandu asanapereke moni. Koma ulendo uno sindiimira pamenepo.

Mlongo wanga Esinati anabereka mwana wamkazi mu Novembala, ndipo tinamutcha dzina lanu. Ali ndi timakutu tanu tija, komanso ukali wanu akachedwa kuyamwa. Chimanga chachitako bwino, ngakhale mbozi zinatisautsa mu Januwale. Chigafa chakale chija chinagwa mbali imodzi chifukwa chiswe chinadya nsanamira zapakati, ndiye tamanga china kuseri kwa mtengo wa mango. Mbuzi yanu yamawanga inaswa mapasa, koma kamodzi sikanakhalitse. A NyaGondwe, anzanu a kutchalitchi aja, akamadutsa pakhomo amayambabe kuitana kuti, "Monire, amama," kenako amakumbukira, n'kungotsokomola n'kupitiriza ulendo wawo.

Nkhani imene yandilembetsa kalatayi ndi ya abambo. Miyendo yawo inayamba kutha monga inathera yanu, ndipo pang'ono pokha akanasiyiratu kuyenda. Ndazindikira mochedwa kuti njira imeneyi ndinailambula ndine, poyamba kwa inu, kenako kwa iwo. Ndiloleni ndifotokoze pang'onopang'ono, monga mukundidziwira. Munkanena kuti ine ndikafunsidwa njira ya kumjigo ndimayambira kufotokoza kumene mvula imachokera.

Mukukumbukira tsiku limene ndinabwera kunyumba ndi aphunzitsi anzanga atatu? Linali Loweruka, nthawi yothyola fodya, zaka zitatu musanatisiye. Tinakupezani m'chigafa mutakhala pathumba, miyendo mutatambasula, mukusoka masamba ndi singano yanu ya waya ija. Manja anu anali bii ndi utomoni wa fodya, ndipo kumutu munamanga kansalu kong'ambika. Mnzanga wina, munthu wabwinobwino, anakuyandikirani n'kufunsa mwaulemu kuti, "Amayi, eni ake pano ali kuti?" Inu munaseka kwambiri, n'kuyankha kuti, "Eni ake ndi amene mwabwera nawowo, ife ndife aganyu." Onse anaseka. Ine ndekha sindinaseke.

Simunadziwe zimene zinali mumtima mwanga, choncho ndizinene. Kuyambira ndili kusekondale ndinkabisa kuti inu ndi abambo munachoka ku Phalombe kudzakhala matenanti pa esiteti ya fodya kwa Mwase, ndi kuti ine ndinabadwira m'kanyumba ka udzu kumapeto kwa munda wa eni. Anzanga akafunsa ndinkangoti makolo anga ndi alimi. Tsiku limenelo ndinaona ngati manja anu akuda aja andiulula. Sizinandikwanire kuti munda unali wanuwanu, umene munaupeza ndi thukuta la zaka makumi awiri. Ndinangoona tenanti, ndipo ndinachita manyazi ndi mayi wondibereka.

Sabata yotsatira ndinabwera ndi mpando uja wa mikono, wokhala ndi khushoni yofiira, n'kuuika pakhonde. Ndinakuuzani kuti ndakambirana ndi achipatala ndipo anena kuti munthu wa msinkhu wanu asagwirenso ntchito, apo ayi mtima udzaima. Amayi, linali bodza. Sindinalankhule ndi wachipatala aliyense. N'zoona kuti utomoni wa fodya uli ndi vuto lake m'thupi, koma si zimene ndinkaopa. Kukanakhala kuopa fodya, bwenzi nditakusiyirani khasu la kudimba, mtondo, ndowa, ndi ulendo wa kumjigo. Ine ndinakulandani zonse. Munandiyankha kuti, "Khasu limachita dzimbiri pakhonde, osati kumunda." Koma kenako munati, "Poti wanena ndiwe wasukulu," n'kundipatsa singano ija ngati mwana amene wagwidwa akusewera ndi mpeni. Munandikhulupirira chifukwa cha sukulu imene munandiphunzitsa ndi singano yomweyo.

Anthu ananditama. Kutchalitchi ankati, "Onani Layisoni, wawapumitsa amake. Ana ophunzira amatero." Ine ndinkamva kukoma. Inu mukafuna kunyamuka kuti musese, Esinati ankakulandani tsache, chifukwa naye ndinamuuza bodza lomwe lija. Mukafuna kupita kwa a NyaGondwe, tinkawaitana kuti abwere okha. Chaka choyamba munkakangana nafe. Chaka chachiwiri munasiya kukangana.

Ndinaona zonse zimene zinachitika m'thupi mwanu, koma sindinazimvetse. Pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala panalowa dzenje, pamene kale panali mnofu wolimba ngati mbatata. Munayamba kulephera kumanga mfundo ya chitenje. Kapu ya tiyi munkaigwira ndi manja awiri. Miyendo inaonda kuyambira m'ntchafu, ndipo podzuka munkayamba mwagwedezeka katatu ngati ngolo imene yatitimira m'matope. Ine ndinkati ndi ukalamba, ndipo ndinkagula mkaka, mazira ndi ufa wa soya, n'kumakukalipirani kuti simukudya mokwanira. Munkadya kuti mundisangalatse, koma mnofu sunabwerere. Tsiku lina munandiuza kuti, "Dzanjali ndikulituma koma silikumva." Ndinaseka, n'kunena kuti muzipuma kwambiri. Chaka chomaliza tinkachita kukunyamulani, ndipo chibayo chitabwera chinapeza munthu amene analibenso mphamvu ngakhale zotsokomolera.

Maliro anu atatha, ndinaopa kuti abambo nawo atithawa, ndiye ndinachitanso chimodzimodzi. Njinga yawo ndinaitsekera m'chipinda. Ndinawaletsa kupita kumunda. Ndinawakhazika pampando wanu womwewo. Iwo sanagonje mwachete ngati inu. Ankanditcha "a Sala," monga amandiitanira ana kusukulu, ndipo alendo akabwera ankati, "Takulandirani kundende ya a Sala. Chakudya n'chabwino, koma belo kulibe." Tonse tinkaseka, n'kuwasiya pomwepo.

Mu Ogasiti chaka chatha anagwa. Ankangochoka pakhonde kutsikira pabwalo, pamasitepe awiri okha aja, miyendo n'kupinda yokha. Sanathyoke, koma analephera kudzuka mpaka Esinati anaitana anthu. Tinapita nawo kuchipatala ku Boma. Anawayeza shuga, anawayeza kuthamanga kwa magazi, anaona ngati ndi sitiroko, koma zonse zinali bwino. Kenako anatitumiza kwa dokotala wa mafizo, wothandiza anthu kulimbitsa ziwalo, mayi wina wachitsikana, wa msinkhu wa ana amene ndinawaphunzitsa. Anawagwira ntchafu, anawauza kuti amufinye zala, anawauza kuti adzuke pampando osagwira pena paliponse. Analephera. Ndiye anafunsa kuti, "Agogo amagwira ntchito yanji kunyumba?" Ine ndinayankha msangamsanga, chifuwa chili patsogolo, kuti, "Sagwira ntchito iliyonse, tinawapumitsa." Abambo anati, "Eya, mwana wanga, funsa a Salawa. Ndi amene anandipatsa penshoni." Mayi uja sanaseke. Anangondifunsa kuti, "Kuyambira liti?"

Zimene anandifotokozera tsiku limenelo, ndi zimene ndinakawerenga pambuyo pake, ndikufuna ndikuuzeni m'njira yoti mumve, chifukwa munandidandaulira za dzanja lanu muli moyo ndipo sindinakuyankheni bwino.

M'thupi muli mitsempha ya mitundu iwiri. Ina ndi ya magazi, imene mumaiona kuseri kwa dzanja. Ina ndi yoyera ngati ulusi, ndipo ntchito yake ndi kunyamula mauthenga. Munthu akafuna kutola singano, uthenga umachoka muubongo, n'kutsika mkati mwa fupa la msana, n'kuyenda mumtsempha woterewu mpaka kukafika pamnofu wa chala. Mnofu nawonso si chinthu chimodzi. Ndi mtolo wa timinofu tambirimbiri, towonda kuposa tsitsi, ndipo kamnofu kalikonse sikagwira ntchito pokhapokha mtsempha wake utakaitana.

Kumbukirani pa esiteti paja. Kapitawo aliyense anali ndi mabanja ake, ndipo m'mawa ankayenda kuwaitana. Banja limene silinaitanidwe silinkatuluka. Mtsempha uliwonse uli ngati kapitawo wotero, ndipo uli ndi gulu lake la timinofu. Tsono munthu akamakalamba, ena mwa akapitawowa amafa mmodzimmodzi kumsana kuja, ndipo salowedwa m'malo. Timinofu tawo timatsala topanda wotiitana. Tikakhala choncho nthawi yaitali timafota mpaka kutheratu. Dzenje lija la padzanja panu linali malo a timinofu timene tinadikira kuitanidwa mpaka kutopa.

Koma Mulungu sanalisiye thupi lopanda nzeru. Mtsempha woyandikana nawo umatha kuphuka nthambi, monga amatulutsira mphukira fodya mukamudula nsonga, ndipo nthambizo zimakafika patiminofu tamasiye tija n'kuyamba kutiitana. Tikatoledwa choncho timapulumuka. Vuto ndi loti kapitawo mmodzi amakhala ndi anthu ochuluka kuposa kale, ndipo akafuula onse amadzuka pamodzi. N'chifukwa chake dzanja la nkhalamba limatha kugwira mpini koma n'kulephera kulowetsa ulusi pasingano. Ntchito yosamala imafuna akapitawo ambiri, aliyense ndi kagulu kake kochepa.

Apa ndi pamene pali mlandu wanga. Ofufuza sanamalize kumvetsa zonse, koma zimene aona n'zakuti kutoledwa kwa timinofuti kumayenda bwino m'thupi limene likugwira ntchito. Mwa munthu woyenda, wonyamula, wogwada ndi kudzuka, mitsempha yotsala imakhala yachangu. Mwa munthu wongokhala, ngakhale timinofu timene kapitawo wake ali moyo timaonda, chifukwa sakutiitana. Chakudya chimafunika ndithu, koma pachokha sichikwanira. Ine ndinkatuta mkaka ndi mazira kupita nazo kwa anthu amene panalibe wowadzutsa. Munanena zoona kuti dzanja mukulituma koma silikumva. Munafotokoza m'mawu anayi zimene ine, mphunzitsi wa sayansi ya zamoyo, ndakhala ndikujambula pabolodi zaka khumi ndi zisanu. Ndimajambula mtsempha ndi choko choyera, mnofu ndi choko chofiira, ana n'kumakhoza mayeso. Koma kunyumba sindinathe kuwerenga dzanja la mayi anga.

Sindikufuna kudzinamiza mbali inayo. Ukalamba ukanabwerabe. Mitsempha ina ikanafabe ngakhale mukanasoka fodya mpaka tsiku lomaliza, ndipo palibe amene angandiuze kuti mukanakhala zaka zingati. Koma ndikudziwa kuti mukanayenda nthawi yaitaliko, mukanadzimangira nokha chitenje, ndipo mukanapita nokha kwa anzanu. Zimenezo ndinakulandani, osati chifukwa chokukondani kwambiri monga ankanenera anthu, koma chifukwa choopa kuti wina angakutcheninso waganyu pamaso panga. Madzi akatayika sawoleka, ndipo awa ndinataya ndine ndi manja awiri.

Mayi wa mafizo uja anati kwa abambo nthawi ikadalipo. Anati mitsempha imene inafa sidzabwerera, koma yotsalayo ingathe kulimbitsidwa ngakhale pa msinkhu wawo. Anawapatsa zochita: kudzuka pampando ndi kukhalanso kakhumi, kuima ndi zala zakumapazi atagwira khoma, kunyamula botolo la madzi. Abambo anachita masiku atatu, lachinayi anakana. Anati, "Ine ndalima fodya zaka makumi anayi, lero ndizivina ndi botolo ngati woledzera? Ndipatseni ntchito yeniyeni." Nditabwerera kukafunsa, mayi uja anati zonse ziwiri n'zabwino, bola kuyamba pang'ono ndiponso pakhale munthu pafupi. Ndiye tinapangana. M'mawa amachita zakuchipatala, ine ndikuwerenga mokweza ngati m'kalasi, iwo akunditukwana. Akamaliza amapita kudimba ndi kheni yothirira ya theka. Mwezi uno ayamba kulowa m'chigafa kukasankha fodya ndi kunyamula mikangala, timitengo toyanikapo fodya tija, iwiriiwiri. Njinga sindinawapatsebe, ndipo nkhondo yake ndi ya tsiku ndi tsiku.

Chimene sindinachiyembekezere ndi pakamwa pa anthu. Omwe aja ankanditama ndi amene akundinena. Kumjigo akuti Layisoni wasauka, wabweza nkhalamba ku fodya. Ena akuti mayi ake ankawasamala, koma bambo ake akuwazunza poti palibe wowalankhulira. Esinati analira, n'kundifunsa kuti, "Achimwene, si inu nomwe munati achipatala analetsa? Lero achipatala omwewo asintha?" Ndinamukhazika pansi n'kumuuza zoona zonse, kuyambira tsiku la aphunzitsi anzanga lija. Sanandikalipire. Anangonyamula mwana n'kulowa m'nyumba, ndipo anatha sabata osandiyankhula. Tsopano timayankhulana, koma akamandiyang'ana ndimaona kuti nayenso akuwerenga masiku amene anakulandani tsache m'manja chifukwa cha mawu anga.

Lachinayi lapitali kunali maliro m'mudzi muno, a mkulu wina wa kwa a Nyirenda. Abambo anaumirira kuti apita wapansi, ndipo tinafika, ngakhale tinapuma kawiri panjira. Mipando inali itatha, ndipo wina atafuna kuwapatsa wake anakana, n'kukhala pansi pamodzi ndi amuna ena pamthunzi. Asanakhale anandinong'oneza kuti, "Podzuka usandigwire, pokhapokha ndikakutchula dzina." Mwambo wa pakhomo utatha, adzukulu ananyamula bokosi, anthu onse anaimirira. Abambo anatsala pansi okha.

Anatembenuka n'kugwada monga anawaphunzitsira kuchipatala, anaponda phazi limodzi, anakankha. Anabwerera pansi ndi matako. Ine ndinali chiimire pambali pawo, manja kumbuyo, chala china chitafinya chinzake. Anthu anayamba kucheuka. Bambo wina anati, "A Sala, kodi maso anuwo akuona?" Anayesanso, mkono ukunjenjemera ngati bango m'madzi, n'kugweranso. Kumbuyo kwanga mayi wina ananena m'Chitumbuka mokweza kuti ndimve, "Mwana uyu walije soni," kutanthauza kuti ndilibe manyazi. Amayi, manyazi ndinali nawo, ochuluka kuposa amene mayiyo akanawaganizira, ndipo thupi langa lonse linkafuna kuwerama n'kuwanyamula kuti anthu aleke kundiyang'ana. Ndinazindikira kuti ndikawerama ndikhala ndikudzipulumutsa ndekha, osati iwo. Mwamuna wina anathamanga n'kuwagwira m'khwapa, koma abambo anamukankha, amvekere, "Choka iwe! Ukundiyesa belo la fodya?"

Ulendo wachitatu anapuma kaye, anaika manja onse awiri pabondo, anakuwa pang'ono, n'kuimirira. Anagwedezeka, ine n'kusendera pafupi, koma dzina langa sanalitchule. Thukuta linali chuchuchu. Anasasa fumbi pathalauza, anayang'ana anthu onse aja, n'kunena kuti, "Mukudikira chiyani? Tiyeni, malirowa si anga."

Anayenda mpaka kumanda. Aka kanali koyamba kufikako chikuikireni, chifukwa ngakhale tsiku lowaka chiliza chanu ndinawasiya kunyumba kuti angatope. Anthu atayamba kubalalika, anapatuka okha n'kudutsa pakati pa mitumbira mpaka pamene mwagonapo. Anaima, chipewa m'manja, n'kunena kuti, "Amake Layisoni, ndabwera ndi miyendo yanga." Ine ndinaima patali. Ndinalephera kufika pafupi, ndipo n'chifukwa chake ndalemba kalatayi m'malo moyankhula.

Ndikhululukireni, amayi. Sindikupempha kuti munene kuti palibe kanthu, chifukwa kanthu kalipo. Anthu apitiriza kundinena, ndipo mwina tsiku lina abambo adzagwa ndithu pamaso pawo, n'kudzati tinanena. Ndikulonjeza kuti ndidzapirira zimenezo. Tsiku lililonse limene angathe kudzuka okha, ndidzaima pafupi, manja kumbuyo, ngakhale mudzi wonse ukundiyang'ana. Ndipo tsiku limene adzatchule dzina langa, adzandipeza ndili pomwepo.

Ndine mwana wanu amene amakukondani, ngakhale anachedwa kudziwa kakondedwe kake,

Layisoni